Thanki Kumsana, Mfuti Kumanzere

M'mawa umene anabwera kudzatenga mwana wake, Nachangu anali atakhala pakhomo la kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mchimwene wake, akulimbana ndi batani la bulauzi. Ankaligwira ndi mano n'kumayesa kulilowetsa ndi zala za kumanzere, koma linkangopulumuka. Mkono wa bulauzi wa kumanja unkalendewera wopanda kanthu kuyambira pachigongono.

Dzina loti Nachangu silinali la makolo. Anamupatsa ndi anzake a kufakitale yopanga zitini, chifukwa pamakina odinda zivindikiro panalibe womuposa liwiro. Tsiku lina makinawo anachita changu kuposa iye. Dzina linatsala, mkono unapita.

Mwamuna wake anapirira mpaka bala litapola. Kenako anati akupita kutali kukafuna ntchito, n'kunyamula zovala zake zonse ndi wailesi yomwe. Foni yake inayamba kulira osayankhidwa, kenako inasiyiratu kulira.

Wobwera kudzatenga mwanayo anali mchemwali wa mwamunayo. Anaima chiimire, chikwama atachikumbatira pachifuwa, mpando anaukana.

"Sikuti ndikukulandani mwana, alamu," anatero. "Koma taonani phazi lakelo. Lero ndi phazi, mawa ikhala nkhope."

Nachangu anadziwa chimene mlamu wakeyo ankanena. Masiku apitawo anayesa kuphula poto wa madzi owira ndi dzanja limodzi. Poto anapendama, madzi n'kukhuthukira paphazi la mwana amene ankasewera pafupi. Kulira kwa tsiku limenelo kunali kusanachoke m'makutu mwake.

Mwanayo, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, anatuluka akutsimphina, atanyamula nsapato imodzi imene sinkalowa phazi lomangidwa bandeji. Atafika pamaso pa mayi ake anaona batani lija. Anaika nsapato pansi n'kuwamanga batanilo, kenako linalo, mpaka kukhosi. Atatha anatola nsapato yake n'kutsatira azakhali ake, osacheuka.

Ngati munafikapo pamene ngakhale misozi imakukanani, mukudziwa mmene miyezi yotsatirayo inayendera. Nachangu anagona moyang'ana khoma. Ankadziwa mng'alu uliwonse wa pakhomapo ndi njira imene nyerere zinkadutsa. Chakudya akachiika pakhomo, chinkazizira pomwepo. Zala za dzanja lodulidwa lija zinkamuyabwa, koma pokanda panalibe.

Khoma la kachipindako linali lopyapyala, ndipo mkazi wa mchimwene wake sankadziwa kunong'ona.

"Kodi dzanja linalo nalonso anadula? Tizingomudyetsa ngati khanda mpaka liti?"

Mchimwene wakeyo ankayendetsa lole yogulitsa madzi. Sanali munthu wa mawu ambiri. Tsiku lina masana analowa m'kachipindamo, n'kutsegula zenera limene linali litaiwala kutseguka.

"Dzuka, mlongo. Ndakupezera ntchito kumene ndimakathira madzi. Akufuna wochapa."

"Wochapa wa dzanja limodzi?"

"Za manja sanandifunse. Ndawauza kuti uli ndi miyendo iwiri yabwinobwino."

Malowo anali kunja kwa tauni, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Linali bwalo lalikulu lotchingidwa ndi neti yaitali. Mkati mwake munali matayala akale ounjikidwa, migolo, zipupa za matabwa, galimoto yakufa yopanda mawilo, ndi kankhalango ka mitengo yaminga kumapeto. Anthu ankabwera m'magulu, kuvala maovolosi ndi zophimba nkhope, n'kumathamangitsana akuomberana ndi mfuti zolavula timipira ta penti. Kampira kakakuphulikira pathupi, ndiye kuti watuluka m'masewera. Mfutizo sizidya onga. Zimayenda ndi mpweya wopanikizidwa m'thanki yachitsulo yonga botolo, imene amaipotokolera kumbuyo kwa mfuti.

"Anthu akuluakulu ndi ndevu zawo, kulipira kuti aomberedwe?" anafunsa Nachangu.

"Zimenezo n'zawo," anayankha mchimwene wake. "Zako ndi sopo."

Mwini bwalo, amene aliyense ankangowatcha abwana, anayang'ana mkono wa bulauzi wolendewera uja nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mchimwene wakeyo ngati munthu amene wagulitsidwa dzira lowola.

"Tiyesa," anatero. "Koma maovolosi akamachedwa kuuma, musadzandinene."

Ntchitoyo inali yozunza. Maovolosi ankawapondaponda m'bafa ndi mapazi mpaka zala kuchita dzanzi. Powafinya ankawakoloweka pampopi n'kumapotoza ndi dzanja lake limodzilo. Zophimba nkhope ankazipana ndi mawondo, n'kumapukuta galasi lake. Penti wake ndi woterera ngati mafuta, ndipo fungo lake linkamutsatira mpaka kunyumba. Khungu la m'manja linang'ambika. Osewera ankamuponyera zovala zonyowa ndi thukuta osamuyang'ana kumaso, ndipo amene ankamuyang'ana ankamuyang'ana pachigongono.

Pafupi ndi pochapirapo panali shedi ya malata, mmene munkabangula makina opopera mpweya m'mathanki. Mwini shediyo anali bambo wachikulire, woonda, wa chifuwa chosatha. Dzina lawo lenileni palibe ankalidziwa. Onse ankangoti a Kompuresa. Khutu lawo limodzi linafa ndi phokoso la makinawo, choncho ankayankhula ngati akuitana munthu wa tsidya lina la msewu.

"Ine khutu limodzi, iwe mkono umodzi!" anakuwa tsiku loyamba. "Atatiphatikiza, atha kupeza munthu mmodzi wathunthu, zotsalazo n'kukhala masipeya!"

Nachangu sanaseke. Koma anali munthu woyamba kutchula za mkonowo osatsitsa mawu ngati ali pamaliro.

Tsiku lina kunabwera gulu la amayi a msinkhu wake. Anathamanga, anagwa m'matope, anakuwa, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nachangu anawaonera kuseri kwa neti, mapazi ali m'bafa. Thupi lake linakumbuka kuti nalonso kale linkadziwa liwiro.

Atachoka amayiwo, anaona mfuti ina itasiyidwa patebulo la pamalo oyesera, pamene pankalendewera zitini zakale pazingwe. Anavala chophimba nkhope n'kuinyamula.

Inali yolemera kuposa mmene inkaonekera. Kumbuyo thanki, pamwamba chibokosi cha timipira, kutsogolo mpope wautali. Ena onse ankaigwira ndi manja awiri, thanki ataitsamiritsa paphewa. Iye ndi dzanja lake limodzilo, mpope unaweramira pansi, ndipo pamene chala chinakoka, penti wachikasu anaphulikira pajombo yake yomwe.

Anyamata oyimbira masewera anaseka mpaka kugwa pabenchi.

"Wadziombera yekha! Wochapa watuluka!"

Anaika mfutiyo pansi n'kubwerera kubafa lake, nkhope ikuyaka. Patapita kanthawi anamva kutsokomola kumbuyo kwake. A Kompuresa anali ataima atanyamula katoni yafumbi.

"Vuto si dzanja lako, mwanawe. Vuto ndi katunduyo. Ndani anakuuza kuti thanki iyenera kukhala pamfuti?"

M'katonimo anatulutsa payipi yakuda yopotanapotana ngati chingwe cha telefoni yakale, ndi lamba wa m'chiuno wokhala ndi thumba kumbuyo. Anati abwana anazigula kalekale, koma osewera anazikana chifukwa payipiyo inkakola m'minga, ndiye zinangoponyedwa pakona.

Anamumanga lambayo m'chiuno. Thanki anaichotsa pamfuti n'kuiimika m'thumba la kumsana. Mbali imodzi ya payipi anaipotokolera pakamwa pa thanki, pamene panali kampopi kotsegulira. Mbali inayo anaikankhira kumfuti, n'kumveka kuti khwa.

"Tsopano mvera bwino," anatero. "Potsegula, tsegula pang'onopang'ono. Mpweya sufuna changu, ngakhale dzina lako lili Nachangu. Ndipo usadzayerekeze kuchotsa payipi mpweya uli m'kati. Tseka kaye thanki, omba mpaka mfuti itasiya kulira, kenako uchotse. Wamva?"

"Ndamva."

"Ati chiyani?"

"Ndati ndamva!"

Mpweya unalowa, payipi inauma gwa ngati yadzuka kutulo. Nachangu ananyamula mfuti. Inakwera yokha mpaka pamaso pake, yopepuka ngati chikho. Kulemera konse kunali kutapita m'chiuno ndi m'miyendo, kumene mphamvu zinali zidakalipo. Anaomba koyamba, anaphonya. Anaombanso, anaphonyanso. Kenako chitini china chinalira kuti ngwe, n'kuyamba kuvina pachingwe chake.

Anaima phee, akupumira m'chophimba nkhope mpaka galasi kuchita nthunzi. Chichitikireni ngozi ija, aka kanali koyamba kuti aloze chinthu, chinthucho n'kumumvera.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda bwino. Sizinatero.

Tsiku lina akuyeserera pa nthawi yopuma, abwana anakuwa kuti maovolosi a gulu lotsatira ali kuti. Nachangu anachita phuma. Anapana mfuti ndi mawondo n'kukakamiza kuchotsa payipi, thanki asanatseke. Kunamveka kuphulika, kenako mluzu wa mpweya wothawa. Payipi inapulumuka n'kuyamba kukwapula uku ndi uku ngati njoka yopondedwa, n'kumumenya pakhosi.

Koma chimene chinamugwetsa si chikwapucho ayi. Linali phokosolo. Linali lomwe lija la makina odinda zivindikiro. Anadzipeza ali pansi m'fumbi, atagwira chigongono, akukuwa kuti azimitse makina. Osewera anamuzungulira. Ena anatulutsa mafoni n'kumajambula.

A Kompuresa anafika akutsokomola n'kutseka thanki kumsana kwake. Kunati zii.

"Ine ndinalemba wochapa, osati msilikali," anatero abwana pamaso pa anthu onse. "Ndikadzakuonanso ndi mfuti nthawi ya ntchito, udzanyamuke."

Sanafunikire kumuuza kawiri. Payipi inabwerera m'katoni. Makina a m'shedi akangotulutsa mpweya, iye ankadzidzimuka mpaka sopo kugwa. A Kompuresa akamuitana, ankanamizira kuti nayenso khutu lafa.

Inafika nyengo yozizira. Nachangu anagulira mwana wake juzi yofiira, n'kuganiza zokamupatsa yekha m'manja pageti la sukulu, osadzera kwa azakhali. Anavala bwino, mkono wa malaya anaupinda n'kuubaya ndi pini. Belu litalira, ana anatuluka ngati njuchi. Anamuona mwana wake, atatalikako, akuyenda bwinobwino osatsimphina, ali pakati pa anzake. Anakweza dzanja.

Mwanayo anaima. Anabwera pang'onopang'ono, n'kulandira juziyo maso ali pansi.

"Ameneyu ndani?" anafunsa mnzake wina, akuyang'ana papini paja.

Mwanayo anayankha motsitsa mawu: "Ndi mayi amene amatichapira."

Nachangu anamwetulira, chifukwa ana anali kumuyang'ana. Anati, "Uzivala kukazizira," n'kutembenuka. Mmene anafikira pokwerera basi sakudziwa mpaka lero. Sanamukwiyire mwanayo. Mwana amangotola manyazi amene akulu agwetsa, ndipo iye mwini anali atawagwetsa ambiri.

Basi inafika pamalo pamene amatsikira popita kunyumba. Sanatsike. Anadziwa kuti akakalowa m'kachipinda kaja tsiku limenelo, sadzatulukamonso. Anapitirira mpaka kumapeto kwa msewu, n'kuyenda wapansi kukafika kubwalo. Dzuwa linali litapendeka, osewera atapita. A Kompuresa anali pakhomo la shedi akumwa madzi otentha a chifuwa.

"Ndipatseni payipi ija."

"Abwana analetsa."

"Analetsa nthawi ya ntchito. Lero sindili pantchito."

Bamboyo anamuyang'anitsitsa. Sanafunse chimene chachitika.

"Ukuopa?"

"Kwambiri."

"Ndiye zili bwino. Amene amaphulitsa zinthu ndi osaopa."

Tsiku limenelo mfuti sanamupatse. Anamukhazika pampando m'shedi, n'kumuika thanki pakati pa mawondo. Anamuuza kuti atsegule kampopi pang'ono, mpweya uchite mluzu, kenako atseke. Atsegulenso, atsekenso. Koyamba anatuluka thukuta thupi lonse, mano akugundana. Mawa lake ataweruka anabwerezanso. Anapitiriza choncho mpaka thupi lake linamvetsa kuti phokoso ili limayamba ndi dzanja lake ndipo limatha ndi dzanja lake.

Kenako anayamba kukonza zinthu kuti zigwirizane ndi thupi limene anali nalo. Thumba la thanki analisunthira chakumanzere kuti dzanja lizifika pakampopi. Popeza thanki inachoka pamfuti, panalibenso chotsamiritsa paphewa, ndiye a Kompuresa anasema kathabwa n'kukamangirira kumbuyo kwa mfutiyo. Anadula lamba wa chikwama chakale kuti mfuti izilendewera pachifuwa pamene iye akuthira timipira. Anaphunzira kusintha kamphete ka labala kotseka mpweya polumikizira payipi, akukagwira ndi milomo. Timphete tambiri tinagwera m'fumbi n'kusowa. Lamba anamutupitsa m'chiuno, msana unkawawa ngati wasenza matumba a simenti.

Tsiku lina lopuma kunabwera gulu limene linaperewera munthu mmodzi. Mmodzi wa oyimbira aja, pofuna kuseketsa anthu, anati, "Tengani wochapayo." Abwana kunalibe. Nachangu anapukuta dzanja, n'kukamanga lamba wake.

Wezulo italira anathamanga ngati kale, mphepo ikumuomba m'khosi. Anadutsa matayala, anadutsa migolo. Pokhota pachipupa cha matabwa, payipi inakola pamsomali. Inatamuka, kenako inamubweza chagada n'kumugwetsa pansi. Adani anamupeza ali chigonere, n'kumuthira timipira osaleka. Madzulo ake thupi lonse linali madontho akuda ozungulira, ndipo sanathe kugonera msana.

"Aja anaikana payipi aja sanali opusa," anatero a Kompuresa akuseka mpaka chifuwa kuwagwira. "Imakoladi. Tsopano wadziwa."

Anaphunzira kuidutsitsa kunsi kwa mkhwapa, n'kuimanga palamba ndi timizere ta chubu kuti isamalendewere. Anaphunzira kukhota mopatsa chipupa mpata, ndi kukwawa m'minga chammbali, thanki ili kumwamba. Popeza mfuti yake inali yaifupi ndi yopepuka, ankatha kubisala pamalo opanikiza pamene ena sakanakwana, n'kusuzumira mwachangu kuposa iwo. Sindikunamizani kuti anakhala katswiri woposa onse. Ankaomberedwa ngati wina aliyense. Koma inafika nthawi imene gulu likaperewera munthu, mbali zonse ziwiri zinkamulimbirana, ndipo abwana anayamba kunamizira kuti sakuona.

Nthawi yomweyo chifuwa cha a Kompuresa chinkakulirakulira. Kansalu kamene ankatsokomolera anayamba kukabisa m'thumba mwachangu. Anayamba kumuitana Nachangu m'shedi pafupipafupi, ati awathandize. Anamuonetsa kuyang'ana thanki ngati ili ndi ming'alu kapena dzimbiri, kuwerenga chidindo chosonyeza ngati nthawi yake yoyezedwa yadutsa, ndi kupopa modekha akuyang'ana muvi wa geji yoyezera mpweya, dzanja lili pathanki kumva ngati ikutentha.

"Mukundiphunzitsiranji zonsezi?" anafunsa tsiku lina.

"Ati chiyani?"

Anabwereza mokweza. Bamboyo analoza khutu lawo n'kupukusa mutu. Linali khutu labwino lija.

Mvula itayamba, mwana wa a Kompuresa anabwera ndi galimoto yobwereka kudzawatenga. Anawanyamula ngati mtolo wa nkhuni zouma. Nachangu anafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Mukachire msanga." Iwo anangomugwira paphewa la kumanja, limene anthu onse ankaopa kuligwira.

Uthenga wa imfa yawo unafika mochedwa, maliro ataikidwa kale. Anaumva kwa mlonda wa pageti, amene anaunena ngati akunena za nyengo. Nachangu analowa m'shedi, anatseka chitseko, anayatsa makina kuti asamveke, n'kulira kulira kumene kunamukana tsiku lija anatengedwa mwana.

Tsoka silibwera lokha. Mvula inachepetsa osewera, ndipo abwana anaika mphwawo m'shedi muja. Kenako tsiku lina lole ya mchimwene wa Nachangu yomwe inatsitsa chibokosi chachikulu choyera: makina ochapira zovala.

"Wagwira bwino ntchito, sindikukana," anatero abwana akuyang'ana kumbali. "Koma waona wekha. Mwezi uno ukatha, basi."

Makina anamulanda mkono, makina ena anabwera kudzamulanda bafa. Anaseka yekha, kuseka kowawa.

Mweziwo uli pafupi kutha, kunabwera gulu la anthu a ofesi ina. Kunja kunali mitambo, pansi pali chinyezi. Onse anavala n'kulowa m'bwalo, kupatula bambo mmodzi wa imvi zapatalipatali, amene anatsala pabenchi. Mkono wake wa kumanja unali utapindikira pachifuwa, mwendo ankachita kuukoka. Anzake anamuunjikira mafoni ndi makiyi pamiyendo, aliyense akumusisita paphewa podutsa.

Nachangu ankayanika maovolosi chapafupi. Anaona mmene bamboyo ankayang'anira kudzera paneti, ndipo mayang'anidwe amenewo anawadziwa.

"Bambo, inu simusewera?"

"Ine ndabwera kudzasunga mafoni, mayi." Mawu ake ankatuluka mokoka, mbali imodzi ya pakamwa itagwa. "Kale ndinkawatsogolera ndine anyamatawa. Sitiroko inandigwetsa. Mfuti imeneyo sindingainyamule."

"Mafoni ali ndi bokosi lake ku ofesi. Dzanja lamanzerelo limagwira?"

"Limagwira, koma..."

Nachangu anatembenuka kuti bamboyo aone bwino mkono wa malaya wobayidwa pini. Kenako anapita kukatenga lamba wake, payipi yake ndi mfuti yake ya kathabwa. Anagwada n'kumumanga lambayo, akukoka ndi dzanja ndi mano. Anamuuza zonse zimene iye anauzidwa, ndi zimene anaziphunzira ndi mikwingwirima. Bamboyo atakweza mfutiyo ndi dzanja limodzi, anaiyang'ana ngati yamuyankhula.

Analowa limodzi, pang'onopang'ono, mpaka kuseri kwa mulu wa matayala. Bamboyo anatsamira pamenepo n'kuyamba kuomba. Sanakhalitse. Mnyamata wina wa mbali inayo, posadziwa kuti kuseri kwa chophimba nkhopecho kuli ndani, anamuzembera n'kumuphulitsira kampira pachifuwa penipeni.

Atatuluka, bamboyo anavula chophimba nkhope. Misozi inali mbwembwembwe, koma ankaseka ndi mbali ya pakamwa imene inkatha kuseka.

"Wandiombera!" anakuwa. "Mwaona? Mwana ameneyu wandiombera! Chidwalireni, aliyense amangonditsegulira zitseko ndi kundiyankhula ngati ndine dzira. Uyu sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono!"

Mnyamata uja anabwera akupepesa, manyazi atamugwira.

"Ukapepesanso ndikuchotsa ntchito," anatero bamboyo. "Tiyeni tibwererenso."

Bamboyo anakafotokoza nkhaniyi kuchipatala kumene ankapita kukalimbitsa ziwalo. Sabata yotsatira, pakati pa sabata pamene bwalo linkakhala lopanda munthu, pageti panaima kabasi. Munatsika bambo uja, mayi wina wa nyamakazi ya m'manja, mnyamata amene anataya mkono pangozi ya njinga yamoto, ndi bambo wina wa panjinga ya olumala. Onse ankafunsa munthu mmodzi: mayi wa thanki kumsana.

Payipi inali imodzi yokha, ndiye ankasinthana. Wa panjinga uja, Nachangu anamumangirira thanki kuseri kwa mpando, payipi n'kuidutsitsa pamwamba pa phewa kuti isalowe m'masipoko. Abwana anaonera zonsezi ataima pakhomo la ofesi, manja ali m'thumba. Madzulo anamuitana.

"Mapayipi amenewa tingafune angati?"

Za kutha kwa mwezi sanazitchulenso, ndipo Nachangu sanawakumbutse.

Lero tsiku limenelo la pakati pa sabata ndi lake. Ndiye amalandira anthuwo, kuyeza aliyense lamba womukwana, ndi kupeza pamene thanki ingakhale pathupi limene munthuyo wabwera nalo. Mphwawo wa abwana anatopa ndi phokoso n'kuchoka, choncho shedi ija nayonso ili m'dzanja lake. Anachoka kwa mchimwene wake, ali ndi chipinda chakechake cha zenera loyang'ana kumsewu.

Si zonse zinabwerera. Mwamuna uja sanamvekenso. Kukazizira, zala zimene kulibe zimawawabe. Atapita kukapempha mwana wake, anapeza kuti mwanayo anazolowera kwa azakhali ake, kuli anzake ndi sukulu yake, ndipo Nachangu sanafune kumuzulanso kachiwiri. Amabwera patchuthi. Amakhala awiriwiri m'chipindamo ngati alendo aulemu, akuphunzirana pang'onopang'ono. Masiku ena amacheza mpaka kuseka. Masiku ena mawu amasowa, ndipo mwanayo akapita, Nachangu amakhala nthawi yaitali atayang'ana pabedi pamene anagona.

Posachedwapa pageti la bwalo panafika mtsikana wina, atabwera ndi mayi ake. Bandeji ya pamkono wake inali idakali yoyera. Anakana kulowa. Anagwira chitsulo cha geti, nkhope atayang'ana kumbali, akuti anthu amuseka, akuti iye basi zake zinatha.

Nachangu sanamulalikire. Anatuluka ndi lamba paphewa n'kukaima naye kunja komweko, onse awiri akuonera kudzera paneti. Patapita nthawi anati, "Ine tsiku loyamba ndinadziombera phazi."

Mtsikanayo anamuyang'ana, kenako anayang'ana lamba uja.

"N'cholemera?"

"N'cholemera ndithu. Koma ubwere uone pamene tichiike."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwaima pageti lotere, mwagwira chitsulo, mukuti zanu zinatha. Sindikulonjezani kuti zimene munataya zidzabwerera, chifukwa zina sizibwerera. Mudzagwa, adzakusekani, ndipo ena amene anakugwirani dzanja adzakusiyani panjira. Koma chimene chatsala m'thupi mwanu ndi mumtima mwanu chikadali ndi ntchito, ndipo kwinakwake kuli munthu amene akudikira kuti inu muyambe mwadzuka kuti nayenso adzuke. Siyani chitsulocho, lowani. Ngakhale mukunjenjemera, lowani, ndipo mtima wanuwo musautaye.